Wodwala BP azidzisamalira bwanji akachoka kuchipatala chaching'ono?

Nachisale: Kuchipatala chaching'ono munthu wa BP amalandira mapiritsi n'kuuzidwa tsiku lobwerera. Nanga masiku apakatiwa azitani yekha kunyumba? Ozidziwa tithandizeni.

Mbewe: Mayi Nachisale, yambani ndi kabuku ka kuchipatala. Akayezedwa, apemphe namwino kuti amuuze manambala awiri a BP, lapamwamba ndi lapansi, asangowalemba. Kwa anthu ambiri cholinga n'chakuti BP ikhale pansi pa 140/90. Amene ali ndi makina oyezera BP kunyumba akhale pampando mphindi 5 asanayeze, msana atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pathebulo molingana ndi mtima. Asasute kapena kumwa khofi kwa mphindi 30 asanayeze. Ayeze kawiri n'kulemba tsiku ndi nthawi. Lamba wa makinawo akachepa pamkono wonenepa, manambala amakwera mwabodza.

Nasibeko: Pamene ambiri amagwa ndi pa mankhwala. BP siimveka kupweteka, ndiye munthu akaona kuti ali bwino amasiya, osadziwa kuti mapiritsiwo ndiwo akuigwira. Ena amasiya chifukwa cha zovuta zimene akanangozinena: mwa mankhwala a BP, amlodipine amatupitsa akakolo, enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatha, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa enalapril. Zikatere osasiya mwakachetechete, kauzeni adokotala akusinthireni. Mankhwala ena a BP otchedwa hydrochlorothiazide amakodzetsa, choncho mwerani m'mawa. Mankhwala opha ululu a Brufen ndi diclofenac ogula mwachisawawa amakweza BP ndipo amalemetsa impso. Pitani kukatenga mankhwala ena amene muli nawo asanathe, makamaka nyengo ya mvula pamene misewu imaduka.

Mbewe: Zoona, mayi. Ndionjezepo za mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zakudya zonse. Anthu amachotsa mchere wa pathebulo koma amaiwala soda wa m'therere, timakyubu tokometsera ndiwo ndi nsomba zoumikidwa ndi mchere. Nsomba zoterozo muziyamba mwaziviika m'madzi, madziwo n'kutaya. Wophika pakhomo azipita nawo kukiliniki kamodzi, poti mphika uli m'manja mwake.

Nachisale: Nanga ndi liti pamene sitiyenera kudikira tsiku la kiliniki?

Nasibeko: BP ikafika 180/110, pitani tsiku lomwelo. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, mawu akayamba kusamveka kapena pachifuwa pakamapweteka, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale usiku.