Mawu oti "discharge" andizunguza mutu

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikumasulira kapepala ka amayi amene angochira kumene, ndiye m'chiganizo chimodzi mawu oti "discharge" alimo kawiri. Koyamba akuti mayi asachite "discharge" asanathe maola 24, kenaka akuti abwerere msanga akaona "discharge" yonunkha. Ntchito ikufunika mawa m'mawa.

Namwino wopuma: Mwanawe, zimenezo ndi zinthu ziwiri zosayenderana. Koyambako ndi kutulutsidwa m'chipatala. Ku wodi timangoti "akutulutsani", ngakhale odwala ambiri masiku ano amati "andipanga disichaji". Kachiwiriko ndi chikazi.

Wa ku Zomba: Amayi, ine ndinalemba kuti "zotuluka kumaliseche". Ndalakwa?

Namwino wopuma: Simunalakwe, koma taganizani mlangizi wa zaumoyo akuwerenga mokweza pasikelo, apongozi ali pomwepo. Adumpha mzerewo basi. Komanso mayi akangochira amataya magazi, mwina mpaka masabata 6, ndipo si matenda. Mukangoti "zotuluka", aliyense athamangira kuchipatala. Chofunika pamenepo ndi fungo. Lembani kuti "magazi onunkha kapena chikazi chonunkha". Mukadzakumana ndi mawu omwewa pankhani ya abambo a chinzonono, amenewo ndi mafinya. Ali m'maso mwa khanda ndi mafinya kapena manthongo. Osamangokakamira liwu limodzi.

Wa kukhoti: Inu zanuzo nzopepuka. Kwathu kuno woimbidwa mlandu akachitidwa "discharge" chifukwa mboni za boma sizikubwera, sindiye kuti wapezeka wosalakwa. Atha kudzamuimbanso mlandu womwewo. Ndili watsopano ndinangoti "khoti lakumasulani", achibale mpaka nthungululu pakhonde. Panopa ndimati "khoti layamba lakusiyani, koma mlanduwu utha kudzayambiranso". Nzotalika, koma munthu amapita kwawo akudziwa pomwe waima.

Wa mawailesi: Kkkk ine chaka chatha anandipatsa nkhani ya madzi a mu Shire pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Kumeneko "discharge" ndi kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi imodzi. Ya batire tisayambe nkomwe, imeneyo ndi kutha moto.

Wa ku Zomba: Ndiye ndalemba chonchi: "Mayi asatulutsidwe m'chipatala asanathe maola 24 chiberekereni. Akafika kunyumba n'kuona magazi onunkha kapena chikazi chonunkha, abwerere msanga."

Namwino wopuma: Eya. Koma "chiberekereni" muchotse, muike "chichirireni". Kumudzi mzimayi amachira. Ndipo musanatumize, kawerengereni azimayi awiri atatu apafupi nanu, muwafunse zimene amva.