Anyamata akudwaladwala chiyambire Okutobala: kodi ndi dzuwa?

Kochi wa U17, Matero:
Akochi anzanga ndi inu azachipatala, ndithandizeni nzeru. Timu ya anyamata a zaka zosakwana 17 imachita training kuyambira 14:00 mpaka 16:00 pa bwalo la fumbi. Mwezi uno ambiri akudandaula zilonda zapakhosi ndi chimfine, ena akutsegula m'mimba akangomaliza. Kodi kutenthaku ndiko kukufooketsa chitetezo cha m'thupi?

Physio, Kabwata:
Ba kochi, dzuwa lili ndi gawo lake, koma si lalikulu ngati mmene ambiri amaganizira. Munthu akathamanga mwamphamvu, maselo oyera a m'magazi amachuluka, kenaka aja otchedwa lymphocyte amatsika kwa maola angapo asanabwerere mwakale. Izi zimachitika ngakhale mu Juni. Chomwe kutentha kumawonjezera ndi kutha kwa madzi m'thupi. Malovu amachepa, ndipo m'malovumo ndimo muli puloteni yotchedwa IgA yoteteza pakamwa ndi pakhosi. Onjezani fumbi ndi mpweya wouma wa nyengo ino, pakhosi pamalusa popanda kachilombo kalikonse. Ayezeni pasikelo asanayambe ndi akamaliza, atavula jezi yonyowa. Kilo imodzi yotsika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta. Abwezeretse lita 1.5 pa kilo iliyonse, pang'onopang'ono mpaka usiku. Mwana wa makilo 60 akatsika kupyola kilo 1.2 wadutsa kale 2 peresenti ya kulemera kwa thupi lake, ndiye kuti madzi sakumukwanira.

Namwino wa timu, Chelstone:
Ine chondidetsa nkhawa ndi m'mimbamo. Thupi likatentha, magazi amathamangira ku khungu ndi ku minofu, matumbo nkutsala ndi ochepa. Khungu lam'kati mwa matumbo limafooka, poizoni wa mabakiteriya amalowa m'magazi, thupi nkuyamba kulimbana naye ngati ladwala. Nchifukwa chake nseru ndi kutsegula. Brufen ndi diclofenac asanayambe kusewera zimaonjezera vutoli ndipo zimapweteka impso, aletseni. Komanso funsani kumene madzi a m'zigubu akutungidwa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2024, pamene Heroes Stadium ya ku Lusaka inasanduka malo ogonekamo odwala. Madzi awiritsidwe kapena athiridwe kolorini, ndipo aliyense akhale ndi botolo lake lolembedwa dzina. Botolo limodzi lozungulira timu yonse ndilo limagawa chimfine, osati dzuwa.

Kochi wa othamanga, Chilenje:
Sinthani ola. 06:00 kapena kuyambira 16:30, basi.

Kochi wa U17, Matero:
M'mawa ali kusukulu, ndipo 16:30 bwalo limakhala la akuluakulu.

Physio, Kabwata:
Ndiye azolowetseni. Thupi limatenga masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha: limayamba kutuluka thukuta msanga, madzi a m'magazi amachuluka, mtima sugunda mothamanga ngati poyamba. Masiku oyamba mphindi 45 zopepuka, kenaka muzionjezera. Wobwera kuchokera kodwala ayambirenso pansi. Pa mphindi 20 zilizonse apume pamthunzi ndi kumwa. Ngakhale FIFA inaimitsa masewero kuti osewera amwe madzi pa World Cup ya 2014 ku Brazil, nanga ana a ku Matero ndi ndani?

Chinanso, ambiri amachoka kusukulu osadya. Shuga akatsika m'magazi, homoni yotchedwa cortisol imakwera, ndipo imeneyi imapondereza chitetezo. Training ikapyola ola, apeze magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena sitachi pa ola: nthochi ziwiri, kandolo wophika, kapena maheu. Akamaliza adye nsima ndi ndiwo osachedwa. Tulo nato tisachepere maola 8; wogona pang'ono chimfine sichimuphonya.

Namwino wa timu, Chelstone:
Chakumwa chotchipa: lita imodzi ya madzi aukhondo, timasupuni 6 ta shuga, theka la kasupuni ka mchere, osadzaza mulu. Wa mphuno zokha angathe kuchita zopepuka. Wotentha thupi, wopweteka pachifuwa kapena wophwanya m'thupi asakhudze mpira, chifukwa ma virus ena amatupitsa mnofu wa mtima. Akayezetse malungo tsiku lomwelo. Ndipo mwana akayamba kudzandira kapena kuyankhula zosokonekera pabwalo, chimenecho si chimfine, thupi lake mwina ladutsa madigiri 40. Mvuleni, mthireni madzi ozizira thupi lonse, mkupizeni, ikani ayezi m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Yambani kumuziziritsa pomwepo galimoto yopita kuchipatala ikufunidwa.

Kochi wa U17, Matero:
Zikomo akuluakulu. Sikelo ilipo, mabotolo ndiuza makolo. Lolemba tiyamba ndi mphindi 45.