Samu ya wakabaza ija tayipeza

Abale mukukumbuka dzana ndinafunsa za homuweki ya mwana wanga wa Sitandade 7 ija? Funso linali loti wakabaza amapalasa makilomita 6 pa mphindi 24 osasintha liwiro, ndiye kuchoka pa Salima kukafika ku Senga Bay, tingoti makilomita 20, atenga nthawi yaitali bwanji. Ife tinkapeza ola limodzi ndi mphindi 33, aphunzitsi nkuthetha.

Ndiyetu dzulo achimwene ena oyandikana nawo nyumba anatilembera pansi ndi kamtengo, akuti yambani mwapeza ya kilomita imodzi kaye, 24 kugawa ndi 6 ndi mphindi 4, kenako 4 kuchulukitsa ndi 20 zikukwana mphindi 80, lomwe ndi ola limodzi ndi mphindi 20 basi. Pomwe tinkaphonya ndi pa kakyuleta ya pafoni, tinkagawa 20 ndi liwiro lake la makilomita 15 pa ola nkutuluka 1.33, ine nkumati 33 yo ndi mphindi, chonsecho ola lili ndi mphindi 60 osati 100. Manyazi ake inu, mwana kundiseka mpaka pa nsima.

Koma zoona, wakabaza wake uti wosapumirako panjira dzuwa la kuno lino?