Sienta ija yasiya kutentha, zikomo nonse

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha pa nkhani ya Toyota Sienta yanga, imene inkatentha injini ndikamakwera zitunda zochokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre.

Ambiri munati tiyambe taona thermostat (kachipangizo kamene kamatsegulira madzi njira injini ikatentha) ndi radiator (moziziritsira madzi a injini) ndisanalole kuti injini itsegulidwe. Ndinatsatira zimenezo. Makaniko atachotsa thermostat anaiviika m'madzi owira ine ndikuona, koma sinatseguke ngakhale pang'ono. Potsuka radiator munatuluka madzi ofiira ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja, dzimbiri lokhalokha. Zinandiwawa mtima, chifukwa zaka ziwiri zonsezi ndinkangothira madzi a pampopi m'malo mwa coolant, madzi apadera oziziritsa injini amene amaletsa dzimbiri.

Tinasintha thermostat, chivindikiro cha radiator ndi paipi imodzi imene inali itafufuma. Lamlungu ndinakweranso zitunda zomwe zija nditanyamula banja lonse, nyali yofiira yochenjeza kuti injini yatentha osayaka.

Achimwene amene munati ndingochotsa thermostat n'kumayenda choncho, pepani sindinatero, chifukwa injini imachedwa kufunda ndipo imamwa mafuta ambiri. Winanso zikamuchitikira, asatsegule chivindikiro cha radiator injini ikadali yamoto, nthunzi yake imawotcha koopsa. Ine tsopano ndimaona coolant ndi oilo Loweruka lililonse m'mawa ndisanalize galimoto.