Mwana wa mlongo wanga uja wapezeka

Masabata awiri apitawo ndinafunsa chochita mwana wa mlongo wanga, wa zaka 7, atasowa ku Ulongué. Munati tiimbe 116, Linha Fala Criança, nambala ya foni yothandiza ana ku Mozambique, ndiponso tipite kupolisi. Zikomo abale, wapezeka! Anali ku Moatize. Bambo ake ndi amene anamutenga akuweruka kusukulu, osauza munthu, poti banja linatha chaka chatha.

A Acção Social, a boma oona za chisamaliro cha anthu, ati mwanayo ayambe wakhala kwa agogo ake ku Dómuè mpaka khoti ligamule. Ine monga mwinimbumba ndinkati palibenso mlandu, mwana ndi wa kuchikazi, koma akuti khoti limayang'ana zomukomera mwanayo, ndipo bambo ake nawonso adzamvedwa. Usiku mwanayo akumagona atagwira chitenje cha agogo, osafuna kutaya. Zimenezi zikundiwawa kwambiri.