Ana akuti Farao anali mmodzi: ndiwathandize bwanji?

Mphunzitsi wa mbiri yakale:
Aphunzitsi anzanga, ndabwera ndi vuto. Ndinasankha kuphunzitsa za Egypt wakale pofotokoza nthano za mafumu ake, chifukwa ana amatchera khutu akamva nkhani ya munthu kusiyana ndi mndandanda wa zaka. Koma nditawapatsa ntchito yolemba, ambiri analemba kuti Farao anamanga mapiramidi, anazunza Mose, kenaka anakwatira Cleopatra. M'mitu mwawo muli Farao mmodzi yekha, yemwe uja anamumva ku Sande sukulu. Zaka za BC nazonso zikuwasokoneza, poti zimachepa nthawi ikamapita m'tsogolo. Kodi njira ya nthanoyi ndiisiye?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Musaisiye, aphunzitsi. Choyamba auzeni anawo kuti Farao si dzina la munthu koma udindo, monga mmene timanenera kuti Kalonga kapena Gomani. Mawu oti Farao poyamba ankatanthauza nyumba yaikulu ya mfumu. Auzeninso kuti Baibulo silitchula dzina la Farao wa m'nthawi ya Mose, choncho asamuphatikize pa mfumu iliyonse imene mwaitchula. Chachiwiri, pezani chingwe cha mamita khumi ndi kachidutswa, ndipo mita iliyonse iimire zaka 500. Mfundo yoyamba ikhale ya Narmer, amene anagwirizanitsa dzikolo cha m'ma 3100 BC. Mukangodutsa mita imodzi mangani ya Khufu, mwini piramidi yaikulu ya ku Giza, cha m'ma 2560 BC. Cleopatra, amene anamwalira mu 30 BC, akhale patangodutsa mita yachisanu ndi chimodzi, ndipo kumapeto kwa chingwe kuime mwana woimira ife a lero. Ana akayeza okha adzaona kuti Cleopatra ali pafupi ndi ife kusiyana ndi Khufu, ndipo zomukwatitsa kwa womanga piramidi zidzathera pomwepo.

Mphunzitsi wa ku pulayimale:
Za chingwezo ndavomereza, bambo, koma ine nkhawa yanga ili pa nthanozo. Zambiri zimene tikudziwa za mafumuwa anazilembetsa ndi iwo eni pa makoma a akachisi, ndipo mfumu siilembetsa manyazi ake. Ramesses II, amene analamulira zaka 66, anajambulitsa nkhondo ya ku Kadesh ya cha m'ma 1274 BC ngati kuti anagonjetsa Ahiti pafupifupi yekha, pamene zoona zake n'zakuti mzindawo sanaulande, ndipo patapita zaka pafupifupi 15 mbali ziwirizi zinachita pangano la mtendere. Tikangobwereza zimene iye ananena, tikhala tikumuimbira ng'oma munthu amene anafa kalekale. Ine ndimafotokoza kaye nkhaniyo monga mmene Ramesses anaifunira, kenaka ndimafunsa ana kuti msilikali wa Ahiti akanaifotokoza bwanji kwa mkazi wake. Pamenepo kalasi yonse imadzuka.

Mphunzitsi wa mbiri yakale:
Mayi, mwandikhudza pamene ndimaopa. Nanga alimi ndi amisiri ndiwalowetse bwanji, popeza nthano zanga zonse ndi za kunyumba yachifumu?

Mphunzitsi wa ku pulayimale:
Mfumu iliyonse muipatse munthu wamba woyenda nayo. Khufu ayende ndi Merer, kapitawo amene zolemba zake za tsiku ndi tsiku zinapezeka mu 2013 ku Wadi al-Jarf, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira. Iye ndi gulu lake ankanyamula miyala pa ngalawa kuchokera ku Tura kupita ku Giza. Ramesses III ayende ndi amisiri a ku Deir el-Medina, okumba manda a mafumu, amene ananyanyala ntchito m'chaka cha 29 cha ulamuliro wake chifukwa tirigu amene ankalandira ngati malipiro anachedwa. Nkhani ya malipiro ochedwa sindikuganiza kuti ikufunika kuimasulira kwa aliyense wa ife muno.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Ndiwonjezere Hatshepsut, mfumu yaikazi, pakuti atsikana amamukonda. Anayamba ngati wosungira mpando mwana wamng'ono, Thutmose III, cha m'ma 1479 BC, kenaka anadzitcha mfumu, ziboliboli zake n'kumasemedwa ndi ndevu zachifumu. Anatumiza ngalawa ku dziko la Punt zimene zinabwerako ndi mitengo ya lubani ndi mure, ndipo atamwalira dzina lake linafufutidwa m'malo ambiri. Funsani ana chifukwa chimene munthu angafufutire dzina la mnzake pa mwala.

Mphunzitsi wa mbiri yakale:
Ndabweranso kudzathokoza. Chingwe tinachimanga dzulo pansi pa mtengo wa mango, ndipo Farao mmodzi uja wagawanika. Chovuta chimodzi chokha n'chakuti Hatshepsut, Tutankhamun ndi Ramesses II anapanikizana m'danga losakwana theka la mita, moti ana atatu owaimira ankapondana. Sabata yamawa nditenga kachingwe kena kotambasula danga limeneli, mita imodzi zaka 50. Mnyamata wina wapempha kale kuti akhale Tutankhamun, atamva kuti analowa ufumu ali ndi zaka pafupifupi 9, koma sindinamuuze kuti mfumuyo inamwalira isanakwanitse zaka 20.