Kabini ya pa Ilala mu Juni: ndigule kapena ndi kutaya ndalama?

Make Tadala (Area 25): Moni nonse pagulu pano. Bambo anga apuma ntchito ya uphunzitsi chaka chino, ndipo chiyambire ndili mwana akhala akunena kuti akufuna akaone tchalitchi cha St Peter's ku Likoma ndi maso awo. Ndatenga tchuthi kumapeto kwa Juni kuti ndiwaperekeze pa sitima ya Ilala limodzi ndi mayi. Koma nditamva mtengo wa kabini ndinayamba ndakhala kaye pansi. Ndigule, kapena tingolipira malo a pamwamba aja ogona panja? Amene munakwerapo ndithandizeni.

Bambo a Yamikani (Biwi): Achemwali, musataye ndalama. Ilala munthu amakwerera kuona nyanja, osati kukadzitsekera m'kachipinda. Ine ndinagona pamwamba mausiku awiri. Matiresi ndinabwereka momwemo, bala ili pomwepo, nyenyezi zili mbee kumwamba. M'mawa tiyi ali m'manja, dzuwa likutuluka kumapiri a ku Mozambique, asodzi akubwerera ndi mabwato awo. Za kabinizo sungani, mukadyere nsomba ku Likoma.

Nachisale (Likuni): Bambo a Yamikani, munapita mwezi uti?

Bambo a Yamikani (Biwi): Okutobala.

Nachisale (Likuni): Ndiye musawasocheretse anzanu. Mu Okutobala kumatentha, munthu umachita kulakalaka kamphepo. Juni ndi Julayi ndi nthawi ya mwera. Ine ndinakwera mu Julayi ndikupita kumaliro a apongozi, ndinagona pamwamba pomwepo chifukwa ndinkati ndine wa ku Lilongwe, chisanu ndimachidziwa. Chisanu cha pamadzi ndi china. Dzuwa litangolowa mphepo inayamba, ndipo palibe khoma loti ubisaleko. Ndinavala juzi, jekete, zitenje ziwiri, n'kufunda bulangete, koma pofika pakati pa usiku bulangetelo linali lachinyezi ngati lagona pamame. Botolo langa la madzi linkagubuduka kupita uku, kubwereranso uku, ine n'kumangoliyang'ana, mphamvu zolitola ndilibe. Ndinali ndi zaka 35 nthawi imeneyo. Nanga munthu wopuma ntchito ndi mayi ake a nyumba?

Bambo a Yamikani (Biwi): Koma munafika amoyo, si choncho? 😂

Nachisale (Likuni): Ndinafika, ndi chimfine cha masabata awiri.

Aphunzitsi a ku Kawale: Nachisale akunena zoona pa za mwera. Mphepoyi imachokera kummwera chakum'mawa, ndipo poti nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 500 kuchokera kummwera kukafika kumpoto, mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira woti akule. Akuluakulu amakumbukira sitima ya Vipya imene inamira mu Julayi 1946 chakumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutisiya. Ilala inabwera pambuyo pa ngoziyo. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuilumikiza konkuno, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Dzina lake linachokera kudera la Ilala ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873.

Make Tadala (Area 25): Aphunzitsi, za Vipya zokhazo mayi asazimve. Akangomva, ulendo wathera pomwepo.

Aphunzitsi a ku Kawale: Pepani mayi, sindimafuna kuopseza. Ndimati sitima imene yadutsa mwera zaka zopitirira 70 ndiye kuti mwera imaudziwa. Koma bambo anuwo, poti ndi mphunzitsi mnzanga, nkhani zimenezi akuzidziwa kale kuposa ine.

Mwana wa ku Chizumulu (Kanengo): Ndakhala ndikungowerenga, tsopano ndilankhuleko monga mwini dera. Kwa ife Ilala si yokasangalalira, ndi basi yathu, ndi lole yathu. Timakwera pansi penipeni, pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, simenti, makireti a zakumwa, nkhuku zomangidwa miyendo. Pobwerera kumtunda ndi matumba a usipa wouma, fungo lake limakutsatira mpaka ku Lilongwe. Ukapeza thumba lofewa, bedi lako ndi limenelo.

Zimene anthu a m'tauni sadziwa ndi izi. Kabini imakutetezani ku chisanu ndi phokoso, komanso katundu wanu mumamutsekera, koma siikutetezani ku chizungulire. Sitima ikamapendama, amene ali m'mwamba ndi amene amagwedezeka kwambiri, a pansi chapakati amamva pang'ono. Ndaonapo anthu olipira kabini akutuluka usiku atagwira pakamwa kuthamangira kumpanda wa sitima. Ukadzitsekera m'kati osaona kunja nseru imakula. Mankhwala ake ndi kukhala pamphepo n'kumayang'ana patali pamene madzi akumana ndi thambo, osadya zamafuta ambiri, osawerenga foni. Mapiritsi oletsa nseru a paulendo aliko m'mafamase, koma poti ndi anthu akuluakulu funsani kaye adokotala, makamaka ngati akumwa kale mankhwala a BP kapena a shuga.

Make Tadala (Area 25): Achimwene, ndiye mukuti ndisagule?

Mwana wa ku Chizumulu (Kanengo): Sindinatero asisi. Amayi anga ondibala sindingawagoneke panja mu Juni ndalama ndili nazo. Ndikungoti musayembekezere hotela yoima chilili. Ndipo chovuta kwa okalamba si usiku ayi, ndi potsika. Kwathu ku Chizumulu sitima imaima patali ndi gombe, n'kutsitsa maboti ake ang'onoang'ono. Munthu umatsika pamakwerero, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, wina akukupatsira mwana, wina thumba la ufa. Pofika kugombe nthawi zina umavula nsapato n'kuponda m'madzi. Foni ndi ndalama muzikulunga m'jumbo. Yanga ina inafera momwemo, ili m'thumba la buluku.

Mai Busa (Area 18): Ine funso langa ndi lina. Mukufuna kukwerera kuti? Ngati ndi ku Monkey Bay, mukhala pamadzi nthawi yaitali ndipo tikiti imakula ndi mtunda. Ife a chigwirizano titapita, tinayenda pamsewu mpaka ku Nkhata Bay n'kukwerera kumeneko, kudutsa pa Chizumulu, kenako Likoma. Usiku umodzi basi. Kabini ya usiku umodzi siingakuphwanyeni ngati ya ulendo wonse.

Bambo a Yamikani (Biwi): Koma Mai Busa, Lilongwe mpaka Nkhata Bay pabasi ndi tsiku lathunthu, kaya mudzera ku Mzuzu kaya ku Salima ndi Nkhotakota. Mawondo a madala adzafika atatupa. Zimene mwapulumutsa pa sitima mukazisiya ku basi ndi kumalo ogona.

Mai Busa (Area 18): Zoona, komabe basi ukatopa umatsika n'kuwongola miyendo. Pakati pa nyanja utsikira pati? Chinanso, Make Tadala, sitimayi imadutsa kamodzi pa sabata popita kumpoto, kamodzi pobwerera kummwera. Mukatsika ku Likoma mukhalako masiku angapo, ndiye werengerani za malo ogona ndi chakudya musanathere zonse pa tikiti. Ndipo tsiku loyamba ntchito lisagundane ndi tsiku lobwerera. Mwera ukakula kapena katundu akachuluka pamadoko, nthawi imasuntha, palibe wochitira mwina.

Koma tchalitchicho, abale. Amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la UMCA, anayamba kumanga mu 1903, pakachilumba kodzaza milambe, moyang'anana ndi gombe la Mozambique. Ukalowa umadzifunsa kuti chinyumba chonsechi chinatheka bwanji kuno. Ife si a Anglican koma tinakhala nawo pa mapemphero a Lamulungu, amayi ena m'gulu lathu misozi inatsika.

Nachisale (Likuni): Ndipo makabini ndi ochepa. Ngati mwaganiza zogula, musadikire tsiku lokwera.

Bambo a Yamikani (Biwi): Ine ndikadali pomwe ndinali. Ndalama ya kabini ya anthu atatu ndi matumba angati a feteleza?

Nachisale (Likuni): Ndani wanena za atatu? Make Tadala ndi wamphamvu, agone pamwamba ndi nyenyezi zanuzo.

Make Tadala (Area 25): Ndawaimbira kumudzi tsopano lino. Bambo akuti iwo sanadikire zaka zonsezi kuti akaone nyanja pazenera, akakhala pamwamba mpaka tulo titawagwira. Mayi alanda foni akuti iwo panja sagona, ndipo madalawo ikamakwana 9 koloko amakhala atayamba kale kutsokomola. Ndiye ndigula ya awiriwo, tikwerera ku Nkhata Bay, ine ndigona pamwamba.

Mwana wa ku Chizumulu (Kanengo): Mukadutsa kwathu mudzaone kugombe, mwina mudzapeza amalume anga akukweza usipa.

Make Tadala (Area 25): Nachisale, jekete lokhuthala losalowa madzi ndingalipeze ku msika wa Tsoka Loweruka lino, kapena a kaunjika atha nawo kale poti chisanu chayamba?

Nachisale (Likuni): Lawirirani, akamamasula mabelo. Mutengenso chipewa chofika m'makutu ndi masokosi awiri.